Mkangano wa meseji yosayankhidwa ndi mmene uphungu wa EFT umaumasulira

Pali mkangano wina umene maanja ambiri anauloweza ngati nyimbo, moti olo mutawadzutsa pakati pa usiku akhoza kuuyambira pomwe anausiyira dzulo. Mayi anatumiza ma meseji atatu masana, onse akuonetsa kuti awerengedwa koma yankho osabwera. Bambo afika madzulo, asanavule n'komwe nsapato mayi ayamba, "Nde foni ija munaigulira chani ngati kuyankha kumakuvutani?" Bambo, "Ndinali bize, tayambanso eti?" Mawu a mayi akwera, atulutsa za sabata yatha, za mwezi watha, mpaka za tsiku lija anadwala bambo osabwera msanga. Bambo angoti ziii maso pa TV, kenako anyamuka kukakhala panja. Mayi awatsatira pakhomo, "Ndikulankhula ndi inutu!" Nde bambo akamakhala chete m'pamene mayi amapsera mtima kwambiri, mayi akamapsa mtima m'pamenenso bambo amatsekera pakamwa, zimangozungulira choncho mpaka agona chofulatirana.

Mukawafunsa m'mawa kuti munakanganirana chani, onse anena kuti foni. Ndipo ambiri ofuna kuthandiza amathamangira pa foni pomwepo, bambo muziyankha, mayi muzileza mtima, gwiranani chanza. Pakatha masabata awiri nyimbo ija yayambiranso, ulendo uno za ndalama kapena za mwana kapena za mbale zosatsuka. Uphungu umene ndikufuna kufotokoza pano, umene amautcha Emotionally Focused Therapy kapena EFT mwachidule, kutanthauza uphungu woyang'ana zomwe munthu akumva mumtima, umati foniyo siyani kaye pambali, pansi pake pali funso limodzi lomwe mayi akufunsa mokalipa ndipo bambo akulithawa, funso loti kodi ndikakufunani mulipo? Ndine kanthu kwa inu?

Kuti izi zimveke tiyambire kwa ana, chifukwa maganizo onsewa anachokera kumeneko. Dokotala wina wa matenda a maganizo wa ku London, John Bowlby, ankagwira ntchito ndi ana ovuta ndipo mu 1944 analemba za ana 44 omwe ankaba, n'kuona kuti angapo mwa iwo analekanitsidwa ndi amayi awo nthawi yaitali ali aang'ono. Mu 1951 analembera bungwe la World Health Organization lipoti la za ana osowa owasamalira nkhondo yachiwiri itatha. Iye ndi mnzake James Robertson ankayang'anitsitsanso ana ogonekedwa m'chipatala, nthawi imeneyo makolo ankaloledwa kudzawaona mwa apo ndi apo basi, nde anaona kuti mwana amadutsa magawo atatu. Poyamba amalira, kukuwa, kugwedeza bedi, kufuna mayi ake. Kenako amafooka n'kungokhala ndwii. Pamapeto pake amaoneka ngati wazolowera, amasewera, amamwetulira manesi, koma mayi ake akabwera amawayang'ana ngati mlendo. Manesi ankati mwanayu wakhazikika, Bowlby anati ayi, wataya mtima. Sungani magawo atatuwa chifukwa m'banja amabweranso chimodzimodzi.

Mfundo ya Bowlby, imene amaitcha attachment, inali yoti munthu amabadwa ndi njala yofuna munthu wake womudalira, wothawirako zikavuta, ndipo njala imeneyi ndi yeniyeni ngati ya chakudya. Ku University of Wisconsin, Harry Harlow anaonetsa zomwezo ndi tiana ta anyani m'zaka za m'ma 1950. Anatipangira amayi awiri abodza, wina wa mawaya wokhala ndi botolo la mkaka, wina wokutidwa ndi nsalu yofewa, nde tianato tinkapita kwa wa mawaya kukayamwa basi kenako n'kubwerera kukakangamira wa nsalu uja tsiku lonse, makamaka tikaopsezedwa. Bowlby ankanenetsa kuti njala imeneyi siitha munthu akakula, imapita naye mpaka kumanda.

Amene anaiyeza bwinobwino nkhaniyi ndi Mary Ainsworth. Anayambira ku Uganda cha mu 1954 ndi 1955 komwe ankayendera mabanja 26 a m'midzi yozungulira Kampala, kukhala pansi n'kumaona mmene mayi ndi khanda amachitirana. Atapita ku Baltimore, ku Johns Hopkins University, anakonza kamayeso ka mphindi pafupifupi 20. Mwana wa chaka chimodzi ali m'chipinda ndi mayi ake, mulowa mlendo, mayi atuluka, kenako abweranso. Chimene Ainsworth ankayang'ana kwambiri ndi nthawi yobwerera ija. Ana ambiri amalira, mayi akabwera athamangira, anyamulidwa, atonthola, abwerera ku zidole. Ena amakangamira mayi koma osatonthola, akulira uku akumenya. Ena amangopitiriza kusewera ngati palibe chachitika. Gulu lomalizali ndi lomwe limanamiza anthu, chifukwa ofufuza ena atayeza kugunda kwa mtima wa ana oterewa anapeza kuti mtima ukuthamanga ndithu, nkhope yokha ndi yomwe ili phee. Anaphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu, nde bola kubisa.

Mu 1987 Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anatengera nkhaniyi kwa akuluakulu. Anaika mafunso okhudza chikondi mu nyuzipepala ya Rocky Mountain News ya ku Denver, anthu n'kuyankha, ndipo pafupifupi 56 pa 100 alionse anadzifotokoza ngati odekha pa chikondi, 25 ngati osafuna kuyandikana kwambiri, 19 ngati okhala ndi nkhawa yoti asiyidwa. Magulu omwe aja a ana a Ainsworth, atangomera ndevu.

EFT yeniyeniyo inabadwira ku Vancouver m'dziko la Canada, ku University of British Columbia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, oyambitsa ake ndi Sue Johnson ndi mphunzitsi wake Les Greenberg. Johnson anakulira ku England mu bala ya makolo ake, akuonerera banja la bambo ndi mayi ake likuphwasuka, ndipo atayamba kulangiza maanja zinkamukanika. Nthawi imeneyo alangizi ambiri ankatenga banja ngati bizinesi, kuphunzitsa anthu kukambirana modekha ndi kusinthana, iwe uchite ichi ine ndichite icho. Maanja ake ankavomera mu ofesi, akafika kunyumba n'kuyambiranso. Nde anayamba kuonerera matepi a ma sesheni ake mobwerezabwereza kufuna kuona kuti pamene zinthu zasinthadi chimakhala chachitika n'chani, ndipo ankapeza kuti ndi pamene mmodzi wasiya kuloza chala n'kunena zomwe zikumuopsa, winayo n'kumumva. Kafukufuku wawo woyamba anatuluka mu 1985, buku lawo mu 1988. Johnson anakakhazikika ku Ottawa komwe anapitiriza ntchitoyi zaka zambiri, ndipo anamwalira mu 2024.

Tibwerere kwa banja lathu lija. Mu EFT mayi aja amatchedwa wothamangitsa, bambo wothawa. Osati kuti nthawi zonse ndi mkazi amene amathamangitsa ayi, wofufuza wina Andrew Christensen ndi anzake anaonetsa kuti zimatengeranso kuti akufuna kusintha ndi ndani pa nkhani imeneyo, wofuna kusinthayo ndi amene amakankha. Koma kaonekedwe kake n'kamodzi. Mayi akukalipa ali pa gawo loyamba lija la mwana wa m'chipatala, kukuwa ndi kugwedeza bedi, chifukwa kwa munthu amene akuopa kuti watsala yekha, bola mkangano kusiyana ndi chete, mkangano ukusonyeza kuti munthu alipobe. Bambo ongoti ziii aja ndi mwana wachitatu wa Ainsworth, kunja phee mkati mtima ukugunda ngati ng'oma. John Gottman wa ku University of Washington ankayeza maanja akukangana ndipo anapeza kuti mtima ukadutsa kugunda ka 100 pa mphindi munthu samvanso bwinobwino zomwe mnzake akunena, ndipo thupi limafuna mphindi ngati 20 kuti litsike. Nde bambo akamatuluka panja, m'mutu mwawo akuti ndikuteteza banja, ndikayankha ziipiratu. Mayi akuona msana wa munthu amene alibe nawo ntchito. Onse awiri akuzimitsa moto, koma aliyense madzi ake ndi petulo kwa mnzake.

Maanja ena onse awiri ndi okalipa, aliyense kusaka wolakwa. Koma oopsa kwambiri ndi pamene wothamangitsa uja watopa n'kusiya. M'nyumba mumakhala bata, bambo mpaka kumauza anzawo kuti masiku ano kwathu kuli mtendere, osadziwa kuti mayi afika pa gawo lachitatu lija, akumwetulira manesi. Maanja ambiri amapita kwa mlangizi atafika apa ndipo ntchito yake imakhala yolemera zedi.

Nanga mu ofesi ya mlangizi mumachitika chani? EFT ili ndi ma siteji atatu ogawidwa m'masitepe 9, ndipo nthawi zambiri imatenga ma sesheni 8 mpaka 20, kupitirira apo ngati pali mabala akale aakulu. Siteji yoyamba ndi yoziziritsa. Mlangizi saweruza kuti wolakwa ndani, olo onse awiri amabwera atanyamula maumboni awo kufuna jaji. Iye amangofunsa mwakachetechete, mutatumiza meseji yachitatu ija osayankhidwa munamva bwanji m'thupi? Kenako munachita chani? Inu bambo mutamva mawu aja pakhomo chinabwera m'mutu n'chani? Pang'ono ndi pang'ono amawajambulira bwalo lonse mmene limazungulirira mpaka onse aliona, ndipo maanja ena amalipatsa dzina lawolawo, kaya kamvulumvulu kaya chilombo chija. Zimaoneka ngati zachibwana koma zimathandiza, chifukwa munthu amatha kunena kuti "chija chayambanso" m'malo monena kuti "mwayambanso".

Apa m'pamene pamalowa nkhani ya mitima iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Mkwiyo wa mayi ndi wapamwamba, ndi umene umaoneka. Pansi pake pamakhala mantha, kusungulumwa, kudziona ngati wosafunika. Kuuma kwa bambo n'kwapamwambanso, pansi pake nthawi zambiri pamakhala manyazi, kudzimva ngati wolephera amene chilichonse angachite sichikwana. Vuto n'loti mnzako amayankha zomwe waona. Ukamuonetsa mkwiyo adziteteza, ukamuonetsa khoma agogoda mwamphamvu. Zapansizo sizifika n'komwe kwa mwini wake.

Siteji yachiwiri ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ine ndimaona kuti ndi pomwe EFT imasiyanirana ndi malangizo wamba. Amayamba ndi wothawa uja, chifukwa sungauze munthu kuti atsitse zida n'kupempha chikondi kwa munthu amene sanabwerebe m'chipindamo. Tiyerekeze kuti ndi sesheni ya nambala 9. Mlangizi walankhula ndi bambo mphindi khumi, mawu otsika, pang'onopang'ono, kubwereza mawu a bambo omwewo, mpaka bambo anena kuti, "Ndikaona meseji yawo m'mimba mumanditentha, ndimadziwa kuti ndalakwa kale ndisanaitsegule n'komwe." Mlangizi sathamangira kupereka malangizo, amangoti, "Mwalakwa kale musanaitsegule. Mungatembenuke muwauze akazi anu zimenezo, muwayang'ane?" Bambo aseka kaye kamseko kamanyazi, "Amva kale, ali pompa." Mlangizi, "Amva mukuuza ine. Auzeni iwowo." Nde pamadutsa kanthawi, bambo akusisita bondo, kenako atembenuka, "Mayi a mwana, sikuti ndilibe nanu ntchito. Ndimaopa. Ndimaona ngati ndinakulepherani kalekale, nde ndimangothawa."

Mumaganiza kuti mayi alira n'kuwakumbatira eti? Kawirikawiri sizitero. Mayi atha kunena kuti, "Zaka zonsezi bwanji osanena? Mukunena chifukwa tili pano." Ndipo mlangizi wodziwa ntchito sawadzudzula, amalowa pakati msanga bambo asanabwerere m'chigoba, n'kunena kuti, "N'zovuta kukhulupirira, zaka zonsezi mwakhala mukuona msana wokha, lero mukuona nkhope yachilendo." Amachitanso zomwezo sabata yotsatira, ndi yotsatirayo, mpaka bambo afika ponena zomwe akufuna iwowo, monga kuti ndikufuna ndikhale nanu pafupi koma musamandiweruze ndisanakhale pansi.

Kenako imafika nthawi ya mayi, imene amaitcha kufewa kwa wokalipa, ndipo ofufuza a EFT amati maanja amene afika apa ndi amene amachira kwenikweni. Kwa munthu amene wakhala zaka akumenya nkhondo, kunena kuti "simuyankha foni" n'kosavuta. Kunena kuti "mukapanda kuyankha ndimaona ngati ndikhoza kusowa inu osazindikira, ndikufuna mundiuze kuti ndine wanu" kuli ngati kuvula pagulu. Akhoza kukanidwa pamaso pa mlendo. Nde akanena, bambo aja amene tsopano alipo n'kutambasula dzanja, thupi limaphunzira chinthu chatsopano chimene malangizo a pakamwa sangaphunzitse. Johnson ankati zonsezi zimathera pa zinthu zitatu, kodi ndingakupeze, kodi undiyankha, kodi mtima wako uli pa ine.

Pali maanja ena amene amayenda bwino n'kudzaima pamalo amodzi osasunthanso, ndipo ukafufuza umapeza tsiku limodzi. Mu 2001 Johnson ndi anzake analitcha bala la attachment. Ndi nthawi imene mmodzi anali pa mavuto aakulu, kaya padera, kaya maliro a kholo, kaya matenda, kaya anatulukira chibwenzi cha mseri, ndipo mnzakeyo sanapezeke. Wolakwayo amati koma zimenezo n'zakale, ndinapepesa kale kangati? Wovulalayo tsiku limenelo analumbira mumtima kuti sindidzamudaliranso munthu ameneyu. "Pepani" wothamanga satseka bala lotere. Mlangizi amabwezera onse awiri ku tsikulo, wovulala afotokoze ululu wake wonse, winayo akhale pomwepo osadziteteza mpaka ululuwo uoneke pankhope pake, afotokoze chomwe chinamuchititsa, kenako wovulala apemphe lero chimene anachisowa tsiku lija. Tsiku lija mayi anadwala bambo osabwera msanga, limene limatuluka pa mkangano uliwonse, mwina ndi limeneli.

Kodi zimagwiradi ntchito? Mu 1999 Johnson, Greenberg ndi anzawo anaphatikiza zotsatira za kafukufuku anayi n'kupeza kuti maanja 70 mpaka 73 pa 100 alionse anachoka m'gulu la maanja osautsika. Nambala imeneyi mudzaiona paliponse pomwe akutsatsa EFT, koma muziitenga ndi nzeru, kafukufukuyo anali wa maanja ochepa, ambiri a ku Canada, ndipo ochititsa ake ambiri anali eni njirayo. Kafukufuku wa pambuyo pake akuonetsabe kuti imathandiza, ndipo ili m'gulu la njira zoyesedwa bwino pamodzi ndi njira ina yolangizira maanja ya Christensen ndi Neil Jacobson yotchedwa Integrative Behavioral Couple Therapy, koma kunena kuti imaposa zonse ine sindingavomere. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi zomwe James Coan ndi anzake anachita mu 2006. Anaika amayi 16 apabanja mu makina ojambula ubongo n'kuwauza kuti nthawi ina iliyonse akhoza kumenyedwa ndi kashoko ka magetsi pa kakolo. Ali okha ubongo unkaonetsa mantha kwambiri, atagwira dzanja la mlendo mantha anatsikako, atagwira dzanja la mwamuna wawo anatsika kwambiri, ndipo amene maanja awo anali okoma ndi amene anatsika koposa. Mu 2013 anabwereza ndi amayi a m'maanja osautsika, asanalandire EFT ndi atalandira, ndipo dzanja lomwe poyamba silinkathandiza kwenikweni linayamba kutonthoza. Anthu ake analinso ochepa, koma chithunzi chake n'chogwira mtima.

Pali pomwe njirayi siyenera kugwiritsidwa ntchito n'komwe, ndipo apa ndinene mosapsatira. Ngati m'banjamo muli nkhanza, wina amamenyedwa kapena amakhala mwamantha, kumuuza kuti aulule kufooka kwake pamaso pa womuzunzayo n'kumupereka. N'chifukwa chake mlangizi wabwino amakumana ndi aliyense payekha kumayambiriro n'kufunsa za zimenezi mwachindunji. Chete wa munthu woopa kumenyedwa si chete uja wa wothawa. Chimodzimodzi ngati chibwenzi cha mseri chikupitirirabe, kapena mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zafika posalamulirika ndipo munthuyo sakufuna thandizo, kapena mmodzi anaganiza kale zochoka wangobwera kudzaperekeza mnzake. Greenberg mwiniwake pambuyo pake anadzatsindika kuti si mikangano yonse imene ili ya kuyandikana, ina ndi ya ulemu ndi mphamvu, ndani amamvedwa m'nyumba muno, ndani amachepsedwa. Ndikuona kuti ananena zoona.

China chimene chimandinyansa ndi mmene mawu a attachment asandukira zitonzo pa TikTok ndi Facebook. Munthu waonera ka vidiyo ka mphindi imodzi basi wayamba kuuza mwamuna wake kuti inu ndinu avoidant, kutanthauza wosafuna kuyandikana, kapena mkazi wake kuti vuto lako ndiwe anxious, wankhawa yoti asiyidwa, ngati ndi gulu la magazi. Kumeneko ndi kusaka wolakwa komwe kuja kutangovala jekete. Makhalidwe amenewa amasintha, munthu yemweyo akhoza kukhala wothamangitsa m'banja loyamba n'kukhala wothawa m'lachiwiri, ndipo mu EFT mlangizi sapatsa munthu chizindikiro pachipumi, amayang'ana gule amene awiriwo akuvina. Ine ndemwe ndili mbali ya ongoti ziii, ndipo tsiku limene ndinauzidwa dzina langa la pa intaneti lija sindinayandikire olo pang'ono, ndinangopita kukakhala panja nthawi yaitali kuposa kale.

Siteji yachitatu ndaisiyira dala kumapeto chifukwa ndi yaifupi, ma sesheni awiri kapena atatu. Apa m'pamene amatenganso nkhani zija anaziika pambali, ndalama, ana, achibale, ntchito za pakhomo, ndipo zambiri zimapezeka kuti zaphweka chifukwa sizikunyamulanso funso lija loti kodi mulipo. Kukangana amakanganabe, bwalo lija limabwerabe wina akatopa, kungoti amalizindikira msanga n'kubwererana. Ya foni ija imene inawagonetsa chofulatirana zaka zingapo amaimaliza mu mphindi zisanu, bambo akuti masana kuntchito sangathe kulemba zambiri, mayi akuti sakufuna zambiri, nde agwirizana kuti meseji ikafika bambo ali bize azingoyankha kuti "ndaona", zinazo madzulo.